Manja Amene Anafinya Mwendo wa Amuna Anga

Ena munena kuti ndathira mchere, koma Mulungu ndi mboni, izi ndinaziona ndi maso angawa ku Kanakantapa, m'zaka za m'ma 1990 titangosamukirako kuchokera kwathu ku Katete. Maina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Amuna anga anali munthu wolimba pa khasu, koma chaka chimenecho anayamba kudzuka nkhope itatupa, mapazi osalowa m'nsapato, mkodzo wathovu ngati mwathiramo sopo. Kukiliniki anawatenga magazi, ndipo zotsatira zitabwera anati impso sizikusefa bwino, tipite kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Ife tinati tiyambe takolola kaye, nanga chimanga chimadikira munthu?

M'mawa wina mwendo wawo wamanzere unafufuma kuyambira m'katumba mpaka m'ntchafu, wotentha, wosakhudzika. Ndili mkati momanga katundu kuti tinyamuke, anatulukira alamu anga, alongo awo aakulu a amuna angawo, mayi amene chikwatiwire changa sanandisekerepo. Anati zoyeza magazi n'zonama, mwendo umodzi sutupa wokha popanda dzanja la munthu, ine ndawadyetsa mankhwala ndipo ndikufuna kukawamalizira kutali kuti munda ukhale wanga. Anandikankhira pambali, nakhala pamphasa, n'kuyamba kuufinya mwendowo ndi mafuta a nsatsi, akuti akutulutsa chimene ndinaikamo. Amuna anga akabuula, iwo ankati ndiye kuti chikutuluka. Ine ndinangoima pakhomo ndi chikwama m'manja, poti mkazi wokwatiwa angalimbane bwanji ndi mlongo wamkulu wa mwamuna wake?

Mwadzidzidzi kubuula kunaleka. Amuna anga anadzambatuka atagwira pachifuwa, akukoka mpweya ngati munthu womira, milomo ikutuwa, maso ali pa ine. Anatsokomola, ndipo pachitenje changa panagwa magazi. Kodi munaonapo munthu akusowa mpweya masanasana, pabwalo poyera, mphepo ikuwomba bwinobwino? Mpaka lero phokoso la kukhosi kwawo limandibwerera ndikakhala ndekha m'munda. Tinawakweza pangolo mpaka kumsewu, kenako minibasi, ine nditawagoneka pamiyendo panga njira yonse, koma anamwalira kuchipatala ku Lusaka tsiku lotsatira.

Adokotala anandikhazika pansi n'kundiuza kuti magazi anaundana mumtsempha wa m'mwendo, kachidutswa n'kuthothoka kukatseka m'mapapo, ndipo anthu amene magazi awo akuonetsa kuti impso zafooka, zimenezi zimawagwera kawirikawiri kuposa ena. Nditawauza za kufinya kuja anapukusa mutu, anati mwendo wotero saufinya. Anawonjezera kuti ngakhale zili choncho sangalumbire kuti chinawapha n'chimenecho, mwina kachidutswako kakanathothoka kokha.

Pamaliro alamu ankanong'oneza aliyense kuti ndine mfiti. Ine ndinadikira. Tsiku logawa zovala za malemu, abale ndi akumpingo onse atasonkhana, ndinapempha kuyankhula. Ndinafotokoza za impso, za magazi oundana, zonse mwadongosolo, kenako ndinawauza alamu kuti atambasule manja awo anthu awaone bwino, chifukwa manja amenewo ndi amene anakankhira imfa m'chifuwa cha mlongo wawo. Mawu aja akuti adokotala sangalumbire ndinawameza, sindinawatulutse.

Alamu anayang'ana zikhatho zawo, nagwa pansi akulira, ndipo palibe amene anawadzutsa. Ndikanama ndikati ndinawamvera chisoni. Mtima wanga unazizira bwino ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Kuyambira pamenepo amayi a m'mudzi sankalola kuti alamuwo awanyamulire mwana. Katatu konse alamu anatuma akuluakulu ampingo kudzapepesa, katatu konse ndinawabweza. Atadwala zaka zingapo pambuyo pake anaitanitsa kuti ndikawauze zoona zenizeni zimene adokotala ananena. Sindinapite.

Abusa amati ndidzayankha mlandu kumwamba, ndipo mwina n'zoona. Ine chimene ndimakhulupirira n'chakuti amuna anga anaphedwa ndi matenda, kuzengereza kwathu ndi pakamwa pa munthu, ndipo mbali yangayo ndimaisenza ndekha. Inu anzanga, akakuuzani kuti magazi aonetsa vuto la impso, siyani chimanga chiwolere m'munda. Mwendo umodzi ukatupa n'kutentha, wina asaufinye, thamangani kuchipatala. Ndipo musanamutche mkazi wamasiye mfiti, dziwani kuti ena a ife sitikhululuka.