Anaswa Miyala ya Mkazi Wanga Pofuna Emalodi

Anaiswa ndi hamala. Miyala yamoyo, yochokera pansi pa nyanja yamchere, anaiswa pakhonde la ofesi ine nditaima pomwepo, chipewa chili m'manja. Zinachitika pa boma la Katete zaka zija tinkaima pamzere pofuna shuga ndi sopo, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati. Dzina la ofesiyo sinditchula. Eni ake akudzidziwa.

Miyalayo inali ya mkazi wanga, Mariamo. Ndinamupeza ku Nacala, m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Mozambique, ndili kalipentala padoko. Anali mwana wa msodzi, wokulira m'madzi. Ndinabwera naye kuno, kenako nkhondo inatseka njira. Mayi ake atamwalira, uthenga unatipeza chaka chitatha. Kuyambira pamenepo Mariamo anasiya kucheza, kudya n'kokakamiza. Ana oti amugwire mwendo tinalibe. Tsiku lina anandiuza mosapita m'mbali.

"A Phiri, ine ndikupita kwathu. Nkhondo kaya, ndikaionera komweko. Kuno ndikungouma."

Ndinachita mantha, chifukwa njira imeneyo anthu ankapita osabwerako. Ndiye ndinalonjeza zamisala. Ndinati, "Dikirani pang'ono. Nyanjayo ndikubweretserani m'nyumba muno."

Musaseke. Ntchitoyo ndinkaidziwa. Mzungu wina padoko anali ndi bokosi lagalasi losungiramo nsomba za m'nyanja, ndipo linapangidwa ndi manja angawa. Poyambira si nsomba ayi, ndi miyala. Mwala wa m'nyanja ndi wopepuka, wamabowomabowo, wokutidwa ndi ndere zofiirira, ndipo m'mabowomo mumakhala tinkhanu ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Timeneti ndi timene timayeretsa madzi. Umayala miyala, n'kudikira milungu ingapo, nsomba pambuyo. Koma mwalawo ukangouma, basi wafa.

Bokosi ndinalipanga ndi magalasi otsala pa sitolo ina. Kampope kopumitsa madzi ndinakalumikiza ku batire la galimoto. Mariamo poyamba ankangondiyang'ana ngati wazungulira mutu. Kenako madzulo ena ndinamupeza atagwada, akuyala zidutswa za njerwa m'bokosi louma. Akuti ankayeserera. Zikuluzikulu pansi, mpata wodutsa madzi pakati, kaphanga kumanzere. "Nsomba zakwathu zimakonda pobisala," anatero, ndipo anaseka. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata kumano.

A Saidi, dalaivala wa lole amene ankatengera amwenye katundu ku Dar es Salaam, anavomera kundinyamulira migolo iwiri, wina wa madzi a m'nyanja okhaokha, wina wa miyala yomira m'madzi. Njira yonse ankaiphimba ndi masaka onyowa ngati akulera khanda. Anadutsa nayo mayiko, mapiri, milatho. Inakagwidwira pa lodibuloko, denga la nyumba yanga likuoneka apo.

Linali Lachisanu masana. Ndinathamangira ku ofesi kumene anaipititsa. Ndinaipeza pabwalo, padzuwa la Okutobala, zivundikiro atachotsa. Pakhomo panali mnyamata wa magalasi akuda, akutokosa mano.

"Mudala, iyi miyala ni yanu? Laisensi ya migodi ili kuti?"

Ndinafotokoza zonse, za bokosi, za mkazi wanga. Anaitana anzake kuti adzamve nawo nthabwala.

"Miyala yasila mu Katete? Mapiri yonse aya simuyaona? Imwe mubisa emalodi mukati."

Masiku amenewo aliyense wonyamula mwala ankayesedwa wozembetsa emalodi, miyala yobiriwira yamtengo wapatali ija, ndikudziwa. Koma anthu inu, emalodi amazembetsedwa potuluka m'dziko. Ndani anawanyamulapo kunja n'kumawalowetsa mu Zambia, m'madzi amchere?

Sindinakangane nawo. Ndinagwada. Ndinati isungeni, itsekereni, ifufuzeni mmene mungafunire, koma chonde ikokereni pansi pa mtengo wa mango uwo. Anati katundu wa mlandu sasunthidwa popanda bwana wamkulu. Bwanayo ali kuti? Wapita kumaliro ku Sinda, abwera Lolemba. Kodi mthunzi nawonso umafuna siginecha?

Loweruka ndinabwera ndi masaka onyowa. Mlonda anandibweza pachipata, akuti mwina ndikufuna kusinthanitsa miyala. Lamlungu Mariamo ananditsatira. Anaima pampanda wawaya, zala atakoleka m'mabowo, akununkhiza mphepo. 

Lolemba m'mawa tinapeza miyala ili mbwee pasimenti, youma, yayamba kuyera. Madzi anataya. Akuti ankanunkha, ndiponso madzi si umboni. Nanga mgolo wachiwiri uja, umene unalibe ngakhale mwala umodzi? Mesenjala wa pa ofesipo ndiye anandiyankha, atakwiya kuposa ine. Akuti anatungamo kuti achapire yunifolomu, sopo osachita thovu, ndiye anawakhuthulira mumfuleni. Anafuna kuti ndimubwezere sopo wake. Ine!

Bwana wamkulu anafika dzuwa litakwera, mimba patsogolo. Moni sanatipatse. Anagunda mwala umodzi ndi nsapato n'kuitanitsa hamala. Anayamba ndi waukulu, umene Mariamo akanauika pansi penipeni. Phwaa! M'kati munatuluka fungo la zowola, ndi kankhanu kochepa ngati mtedza, kakadali kugwedeza miyendo. Mariamo anagwada n'kukatola. Kanafera m'manja mwake hamala ikulirabe. Anaswa yonse, umodziumodzi, mnyamata wa magalasi uja akufufuza m'zidutswa ndi bolopeni.

"Mulibe kanthu," anatero bwanayo. "Tengani zinyalala zanu. Musese na pakhonde."

Ndinasesa. Ndikanatani? Munthu amene angakutsekere popanda chifukwa sumufunsa chifukwa. Pambuyo pake ndinayesa kudandaula. Anati ndipite ku Chipata. A ku Chipata anati nkhani za miyala ndi za ku Lusaka. A Saidi anandipepesa misozi ili m'maso, koma abwana awo anali atawaletsa kunyamulanso katundu wanga, popeza lole nayonso inagona pa ofesipo.

Ndinauza Mariamo kuti ndipeza dalaivala wina. Anandiyang'ana mwachisoni, osati mokwiya. "Munayesetsa, a Phiri," anatero. "Koma nyanja siifuna kubwera kuno."

Mvula isanagwe ananyamuka ndi amayi ena amalonda odzera ku Vubwi kulowa m'Malawi. Ndinafuna kupita naye, iye anakana, akuti mwamuna asilikali samusiya panjira. Mayi mmodzi atabwerako anandiuza kuti anasiyana naye pamalire a Malawi ndi Mozambique, akudikira sitima yapamtunda yopita ku Nacala. Kuchokera pamenepo, zii. Nkhondo inatha, anthu anabwerera m'makwawo, ena analemba makalata. Ine ndinafunsa mpaka ndinatopetsa anthu.

Ndakalamba tsopano, ndipo mtima ukundiwawabe. Inu abwana a hamala, ndi inu a magalasi akuda, ngati mukadali moyo, ndiyankheni. Mtengo wa mango unali pafupi pomwepo. Mukanataya chiyani? Kupepesa sindikukufunanso. Inu mumadziwa maofesi onse, a Chipata ndi a Lusaka omwe. Ndiuzeni khomo limene ndingakagogode kuti andiuze ngati mkazi wanga anafika.