Tiyi Wolira Mee

Ndivomere lero: chitsamba cha tiyi chija sichinali tiyi ayi. Inali mbuzi.

Ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Luchenza, kompyuta itangofika kumene mu ofesi. Mlamu wanga wa ku Limbe ankapanga gemu ya pa kompyuta, ndiye anandiikira pulogalamu youmbira zinthu kuti ndimuumbire mbuzi. Ndinayamba ndi bokosi monga anandilangizira. Ndikakoka mwendo, khosi linkatalika. Ndikakonza khosi, mutu unkalowa m'mimba. Utoto unali wobiriwira, kasinthidwe kake osakadziwa.

Akapitawo analowa n'kusuzumira.

"Akalaliki, tiyi uyu mwadulira bwino! Pamwamba pali see ngati tebulo."

M'malo mokana ndinati, "Zikomo bwana, ndinaonera kwa inu."

Anayamba kubwera ndi antchito atsopano kudzaona kadulidwe koyenera.

Mlamu anailandira ngati mbuzi, osadandaula. Tsiku limene anabweretsa gemuyo, akapitawo anakhala kutsogolo. Tiyi wawo uja anatulukira ali pa liwiro, akulira kuti mee, galu ali pambuyo!

Akapitawo anandiyang'anitsitsa, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Akalaliki, ameneyu mwamuthira feteleza wanji?"