Mchenga ndausiya

Lachiwiri lapitali mwana wanga Esnati akanamira m'dzenje la njerwa. Ndikulemba izi iye ali gone pambali panga, ndipo ndikungomukhudzakhudza kuti ndimve kuti akupuma.

Ndiyambe bwino. Mpingo wathu kuno ku Domasi ukumanga kanyumba ka sikelo, kuti anamwino azibwera kudzayeza ana athu konkuno, tileke kuwabereka mpaka ku Zomba. Chaka chatha tinaumba njerwa zambiri, koma mvula inazisungunula zonse zisanawotchedwe. Aliyense ankayesa kuti za nkhuni akuona ndi mnzake.

Ndiye chaka chino akulu a mpingo anati pakhale ofesi ya ntchito. Anatipatsa kachipinda kakuseri kwa tchalitchi, tebulo ndi bolodi. Wapampando ndi a Likoswe. Ine anandisankha kukhala mlembi, ati popeza ndili ndi satifiketi ya uphunzitsi.

Ndinaikonda ntchitoyi, sindibisa. Ndinagawa anthu m'magulu, otunga madzi, oponda dothi, a zikombole, a nkhuni, gulu lililonse ndi kapitawo wake. Vuto likabuka, kapitawo amabwera nalo ku ofesi. Ndipo zayenda ndithu. Uvuni woyamba tawotcha kale mitambo isanayambe kuda pamwamba pa phiri.

Koma panali amayi achikulire amene chaka chatha ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, kumacheza. Ine ndinati mu dongosolo latsopano pasakhale munthu wongokhala. Ndinawapatsa ntchito yopepuka yosefa mchenga.

Lachiwiri m'mawa kapitawo wa mchenga anabwera kudzadandaula za Mayi Makwinja, mmodzi wa amayi aja. Ati sefa akungoisiyasiya, maso ali uku ndi uku, pena angonyamuka osatsanzika. Ndinamuuza kuti ndikalankhula nawo. Esnati ndinali nditamukhazika pa chitenje pakhomo pa ofesi, kachinangwa kali m'manja. Wangoyamba kumene kuponda pansi, ndiye ndimaiwala kuti si mwana uja ndinkamusiya pamalo ndi kukamupeza pomwepo.

Nditatuluka, chitenje chinali chokha.

Amayi anzanga, inu mukuidziwa nthawi yotere. Ndinathamangira kumsewu. Ndinabwerera. Ndinaganiza za bambo ake amene ali ku Joni, amene mwanayu amangomudziwa pa chithunzi. Ndikanawauza chiyani?

Kenaka ndinawaona Mayi Makwinja akukwera kuchokera m'dzenje lija timakumbamo dothi, lomwe tsopano ladzaza madzi. Chitenje chawo chinali chonyowa mpaka m'chiuno. Esnati anali pachifuwa pawo, matope thupi lonse, akulira mokalipa ngati amulanda kanthu.

Anandipatsa mwana.

“Pepani a mlembi,” anatero, “mchenga ndausiya.”

Iwo anapukuta nkhope ya Esnati ndi nsonga ya mpango wawo, nkunena motsitsa mawu kuti, “Mwanangu, mchenga suyenda. Koma tianati tayamba kuyenda.”

Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira zimene amayi aja ankachita pansi pa mango. Ife tikafika pa ntchito tinkangomasula ana kumsana ndi kuwatula pamenepo, osapempha, osathokoza. Palibe anawatuma, ndiye palibe ankaiyesa ntchito. Ine pogawa magulu ndinalemba zonse zimene zinali ndi dzina. Iyi inalibe, ndipo ndinaifafaniza ndisanadziwe nkomwe kuti ilipo.

Sindikunena kuti ofesi ndi yoipa. Ndani akufuna kuonanso njerwa zikusanduka phala? Masiku ano kulikonse kuli makomiti, a sukulu, a msewu, a chitsime, ndipo ndi bwino kuti ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake. Koma walira mvula walira matope. Dongosolo likafika, limaona zokhazo zimene wina wazitchula. Amene amatsekula zenera m'mawa, amene amazindikira kuti uje sanadye, amene amaletsa ndewu isanayambe, awa pa bolodi sapezeka. Timawaona ngati aulesi mpaka tsiku limene tawapatsa sefa.

Lachinayi pa msonkhano ndinafotokoza zonse, ndikulira pamaso pa akulu a mpingo. A Likoswe sanandidzudzule. Anangonditambasulira choko nkufunsa kuti gulu latsopanoli tilitche chiyani. Wina anati olera. Wina anati alonda, anthu nkuseka. Mayi Makwinja anati tilembe zilizonse, bola tiwabwezere mphasa yawo pansi pa mango.

Ndinalemba kuti “Oyang'ana ana”, pamwamba penipeni, patsogolo pa madzi ndi nkhuni. Kapitawo wake ndi Mayi Makwinja. Dzenje lija talitchinga ndi minga.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Tinkamanga nyumba yoti ana athu akhale ndi moyo, ndipo ine, mayi, ndinaiwala anawo. Nanga zina zimene ndafafaniza osadziwa ndi ziti?

Inu amene mukukonza maofesi ndi makomiti kwanuko, musanagwire choko, khalani kaye tsiku limodzi pansi pa mtengo. Amene mukuti akungokhalayo, maso ake ali pa chiyani?