Ng'oma Imene Luka Anaisiyira Pakati

Luka Mvula ndi mwana wa malemu Vainess, mwana wanga wachiwiri. Atate ake ndi a Bonface Mvula a ku Vubwi, amene anabwera chikamwini m'mudzi mwathu kuseri kwa Mkaika ine ndikadali ndi mano onse. Luka anakwatira Agness, ndipo ali ndi ana awiri, Hilda ndi Mthunzi. Ndayamba ndi maina amenewa kuti onse amene akuti mdzukulu wanga ndi wopanda mwambo adziwe kuti ali ndi kochokera. Ndinamulera ndine. Wofuna kumunena abwere adzanene pamaso panga.

A Mvula anali osema ng'oma. Pobwera kwathu ananyamula sompho, khasu, ndi ng'oma imodzi yakuda yochokera kwa makolo awo. Imeneyo sinali yovinira. Inali yolengezera maliro basi, ndipo ikalira munthu ankasiya khasu pamzere n'kumvetsera. Vainess atamwalira, Luka ali ndi zaka khumi ndi zinayi, a Mvula anaiomba okha kulengeza mkazi wawo. Titameta tinawasudzula monga mwa mwambo, iwo n'kubwerera ku Vubwi, ana n'kutsala ndi ife eni mbumba. Ng'omayo anaisiya m'nyumba mwanga, pamitanda ya denga, kuti mudzi usasowe mawu. Kwa Luka anasiya lamulo limodzi lokha: isalire popanda mtembo.

Mwanayu anakula ndi manja a atate ake. Ankalima mtedza ndi thonje ngati wina aliyense, koma mtima wake unali pachikopa. Akazi akafuna chitelele ankatuma kwa Luka, kwaya ya kutchalitchi chimodzimodzi. Anzake a Agness ankamuseka kuti anakwatiwa ndi phokoso, ana adzadya kulira kwa ng'oma. Zinasintha pamene mphunzitsi wina wa ku Katete, dzina lake Sylvia, anayambitsa chionetsero Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse, pabwalo la kuseri kwa sitolo ya a Idi. Kumabwera ojambula zithunzi, oluka madengu, amai oumba mbiya, anyamata a magitala opanga okha ndi zigubu. Anthu amalowa, amaona, amagula, ndipo woimba bwino amamufupa. Luka anadziwikira pamenepo. Anayamba kuitanidwa ku maukwati ku Sinda mpaka ku Chipata. Nyumba yake inafoledwa malata, Hilda amene anali atasiya sukulu anabwererako. Oseka aja anayamba kubwereka mchere kwa Agness.

Chaka chatha mu Ogasiti kunali chionetsero chachikulu, ndipo Sylvia anati kubwera alendo a ku Lusaka ndi makamera. Lachisanu masana Luka akuwamba ng'oma yake yaikulu pamoto, chikopa chinang'ambika pakati. Nthawi yokunga china panalibe. Ine ndinali kuchigayo. Analowa m'nyumba mwanga n'kutsitsa ng'oma ya atate ake. Agness atamuletsa, anayankha kuti lamulo lija ndi la m'mudzi, Katete ndi tauni, kulibe manda athu kumeneko ndipo palibe wa kwathu amene angaimve kutali konseko. Uku ndiko kulakwa kwake, ndipo sindikubisa. Sanachite mwano. Anangoganiza kuti mwambo umathera pamene pathera fumbi n'kuyamba tala.

Ine ndinaionera pabwalo pomwepo, nditakhala pampando wakutsogolo umene Sylvia anandipatsa. Ndinaizindikira asanaikhudze n'komwe. Koma ndinakhala chete, chifukwa sindinafune kuchititsa manyazi mwana wanga pamaso pa alendo. Anayamba ndi chitelele. Mawu a ng'omayo anali olemera, ndipo amai ovina ankangoyang'anana, miyendo ikukana. Kenaka mtsikana mmodzi wa ku Lusaka anatenga cholankhulira n'kupempha kuti Luka aombe kaombedwe kakale kwambiri kamene anaphunzira kwa atate ake. Achinyamata anakuwa kuvomereza. Luka anaseka pang'ono, anapukuta manja pabuluku, n'kuyamba kuitana maliro.

Kuitana kumeneku kuli pawiri. Poyamba ng'oma imagunda katatu pang'onopang'ono, n'kupuma, n'kubwereza, kuti anthu atchere khutu. Kenaka imanena amene wapita, kaya mwamuna, kaya mkazi, kaya mwana, ndipo woombayo amatseka poika chikhatho pachikopa. Luka anali pa chigawo choyamba. Abambo achikulire anavula zipewa. Mai wina wogulitsa zitumbuwa anavundikira beseni lake n'kukhala pansi. A Idi anatuluka m'sitolo atagwira sikelo m'manja, kufunsa kuti wamwalira ndani. Koma ana a m'tauni ankaomba m'manja, mafoni ali m'mwamba. Ndinanyamuka, sindidziwa mawondo angawa anaitenga kuti mphamvu, ndinavula chitenje chapamwamba n'kuchiponya pang'omayo, ndipo ndinagwira Luka m'mikono yonse iwiri. Ng'oma inathera pomwepo. Ndinabwerera kumudzi ndikudziyesa kuti ndapulumutsa banja.

Pofika Lolemba kanema uja anali atafika ku Vubwi. A Mvula anali kale odwala, miyendo itatupa. Mphwawo wina anawaonetsa pafoni monyadira, kuti onani mwana wanu watchuka. Akuti anaimva katatu konse, nthawi iliyonse akudikira chigawo chachiwiri. Kenaka anatuma mawu akuti Luka abwere.

Tinapita awiri, kudzera ku Chadiza, titanyamula nkhuku yoyera yopepesera. Ngakhale tinawasudzula kalekale, a Mvula akadali apongozi anga, sitiyang'anana kumaso. Choncho ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, Luka n'kugwada pakhonde pamene iwo anagona pamkeka. Anamufunsa za ana, za mvula, za ulendo, ngati palibe nkhani. Atatha zimenezo ndi pamene anati, "Unkaitanira yani?"

"Palibe, atate. Chinali chionetsero chabe."

"Ng'oma imadziwa chionetsero?"

A Mvula ananena kuti kutenga ng'oma osapempha ndi mlandu waung'ono. Kuiomba popanda mtembo ndi bodza, ndipo bodza nkhuku imatha kulitsuka. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti anamuimitsa ndani asanatseke. Ndinayankha ndili kuseri kwa nkhokwe kuti ndine, ndipo ndinayamba kufotokoza za zipewa zija ndi za manyazi. Anandidikira mpaka ndimalize, chifukwa ndi munthu waulemu.

"Amai, munachita ndi mtima wabwino," anatero. "Koma mwatsegula chitseko n'kugwira manja a wotseka. Ng'oma yaitana, sinauzidwe dzina. Ikudikira."

Ndinafunsa ngati Luka sangaimalize kuthengo, kopanda anthu. Anati amalize ponena yani, mwamuna, mkazi kapena mwana? Ndiye anagamula kuti manja amene anayamba kuitana asaombenso ng'oma ina iliyonse mpaka atamaliza imene anaiyambayo.

"Udzamalizira ine," anamuuza Luka. "Pa magazi athu wakupsa ndine. Ndalankhula lero kuti imve, isapite kukayang'ana kwa Hilda kapena kwa Mthunzi."

Nkhuku anaikana. Anati tibwerere nayo, ikaikire ana mazira.

Tsopano papita chaka ndi miyezi iwiri Luka osaomba ng'oma. M'mudzi mwathu mwagwa maliro awiri, koma sanali a magazi a kwa Mvula, ndipo onse analengezedwa ndi pakamwa, khomo ndi khomo. Sylvia wabwera katatu. Ndi mwana wabwino, anapepesa kwa ine atagwada, koma kwa Luka amati izi ndi zikhulupiriro zakale, anthu ku chionetsero akumufunsa mwezi ndi mwezi, ndipo malo ake atengedwa ndi mnyamata wa ku Sinda amene sadziwa n'kuwamba komwe. Luka amangomuthokoza n'kumuperekeza kumsewu. Kusema amasemabe, koma ng'oma imene mwini wake sanaiyese mawu agula ndani? Zaunjikana kukhitchini kwa Agness, nkhuku zikugonamo. Hilda chaka chino wakhalanso pakhomo.

Pali ena m'mudzi muno, ndikuwadziwa ndi maina, amene amati Luka akuwerenga masiku a atate ake kuti abwerere pabwalo. Amenewo ndi afiti a pakamwa. Mwezi uliwonse mwanayu amapita ku Vubwi, amakweza atate ake panjinga kupita nawo kuchipatala, amawasambitsa miyendo, amawalimira dimba. Munthu wodikira imfa sachita zotero. Koma ndine ambuya ake, ndimaona zimene ena saona. Kukakhala ukwati kutsidya kwa dambo, ng'oma zikamveka, amaika manja m'khwapa ngati kwazizira. Ndipo mu Januwale Mthunzi atadwala malungo mpaka kukomoka, Luka analowa m'nyumba mwanga masanasana, n'kuima pansi pa mitanda ija akuyang'ana m'mwamba. Sindinamufunse chimene ankapempha. Mwana anachira, koma Luka anatha masiku atatu osatchula dzina la atate ake.

Ine pandekha ndinatuma mawu ku Vubwi kuti wogwira manja uja ndine, ndiponso ndine wamkulu kuposa a Mvula, choncho ng'omayo inditenge ine. Anayankha mwaulemu kuti ng'oma ya kwa Mvula sidziwa magazi a apongozi.

Sabata yatha kondakitala wa minibasi anatsitsa mtolo pamsewu, wochokera ku Vubwi, wolembedwa dzina la Luka. Ndi chikopa cha ng'ombe chatsopano, chopalidwa bwino, ndi zikhomo zake zosemedwa kale. Mawu amene anabwera nacho ndi akuti chakale cha pang'oma yakuda ija chauma, Luka akunge ichi mvula isanagwe, ng'oma isadzawachititse manyazi a Mvula pa tsiku lawo. Luka anamasula chingwe, anaona, anamanganso. Agness akuti Luka auze atate ake kuti chafika. Iye akuti sanapeze mawu ake. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mozambiki, ndipo mtolowo ukadali pakhonde panga.