Mathiriro Athu pa Pepala

Ndinali kale ndi ana atatu chaka chimene mzungu woyeza dziko anafika kwathu. Nkhondo ya Ajeremani inali itangotha. Mvula inamupeza panjira pamodzi ndi amtengatenga ake, ndiye amuna anga, amene anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni m'mudzimo, anawalowetsa m'kalasi kuti ayanike katundu.

M'mawa mwake amuna anga anandipeza ndikuumba mbiya.

"Sambani m'manja, amake mwana. Mzunguyu akufunsa za mathiriro, paja kamtsinje kathu kamalowa mu Kapoche. Ndamuuza kuti wodziwako bwino ndinu, poti mumakumbako dothi."

M'kalasimo, pabenchi, mzungu uja anayalapo chipepala chachikulu, atachitsindira ndi miyala m'makona. Anati dzina lake ndi mapu. Poyamba ndinangoona mizere yofiirira yozungulirazungulira ngati ya pachala. Amuna anga anandimasulira kuti pamene mizereyo yathithikana ndi potsetsereka kwambiri, pamene yatalikirana ndi pachidikha. Kenako mzungu uja anayendetsa pensulo pamzere wina wokhotakhota mpaka pamene unakumana ndi unzake.

Ndinapazindikira. Chitunda chimene chinkandipweteka mawondo ndikasenza dothi chinali pomwepo. Pokhota madzi asanafike pathanthwe panalinso.

"Mufunseni," ndinatero, "kodi anachita kuuluka?"

Mzungu anaseka, nati amangokwera mapiri ndi kuyeza ndi tcheni. Anafunsa ngati pali chimene wasiya. Ndinaloza pamene pali kasupe wosaphwa ngakhale m'chilimwe. Iye analembapo kadontho.

Atachoka, mtima wanga sunakhazikike. Titakolola ndinapempha amuna anga kuti andiperekeze kuphiri la kuseri kwa mudzi. Ndinabadwira patsinde pake, koma ndinali ndisanalikwerepo. Anadandaula za minga, komabe tinapita, ndipo tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo.

Mitsinje iwiri ija inali pansi pathu, yopyapyala ngati ulusi, wina wotuwa, wina wakuda. Itakumana inayenda limodzi kamtunda ndithu madzi ake asanasakanikirane. Zaka zonse zimene ndinkawoloka pamenepo sindinazionepo zimenezo. Mudzi wathu wonse, ndi nkhokwe zomwe, ndinauphimba ndi chikhatho chimodzi. Kutsogolo mapiri ankangopitirira, lina kuseri kwa linzake, mpaka kudziko la Apwitikizi.

Ndinakhala pamwala. Amuna anga anavula chipewa, ndipo sanachivalenso mpaka tinayamba kutsika.