Zenera Loyang'anizana ndi Langa

Anzanga, ine ndi mkulu ameneyu tinadziwana chifukwa cha thawulo.

Kumene ndimakhala nyumba ndi zosanja komanso zothinana, moti ukayetsemula anthu a nyumba inayo amakumva. Zenera la kukhitchini kwanga linayang'anizana ndi zenera la chipinda china cha nyumba yoyandikana nayo. Mpata wake ndi woti mphaka amangolumpha.

Tsiku lina thawulo langa linauluka pachingwe n'kukakodwa pa paipi ya tsidya linalo. Ndinangoona mpini wa tsache ukulikoka, kenako nkhope.

"Neba, ili ndi lanu? Mukachedwa ndisambira."

Ndinaseka ngati chitsiru. Kuyambira pamenepo dzina lake linali Neba, ngakhale mu foni yanga.

Anali kalipentala, woika makabati m'nyumba za anthu. Kuti afike pakhomo panga ankayenera kutsika masitepe onse, kuzungulira shopu ya ometa n'kukweranso, ndiye zambiri tinkangopatsirana pazenera. Mchere, machesi, chaja, zonse zinkayenda pa mpini wa tsache uja. Ndikamaphika iye ankakhala pazenera pake n'kumandinena kuti ndimapsereza anyezi. Sindikubisirani, ndinamukonda mnyamata ameneyu.

Koma panali chinanso chimene ndinkachikonda, ndicho kafulati kanga. Si kokongola ayi. Chipinda chimodzi, pabalaza pang'ono, ndi bafa loti ukatembenuka umagunda chigongono kukhoma. Madzi amakwera kumtunda m'mawa mokha. Komabe ndinalowamo ndili pa kozi, ndinapentamo ndekha, ndipo ku famase kumene ndimagwira ntchito ndimayenda wapansi. Maloto anga onse anali oti kadzakhale kanga.

Dziwani kuti kuno nyumba yogulitsa siikidwa chikwangwani. Mwini wake amayamba wanong'oneza amene akukhalamo, chifukwa ma ejenti akangomva amadzaza masitepe ngati ntchentche, mtengo n'kukwera.

Alandilodi anga ndi bambo achikulire opuma pantchito. Anandiitana n'kundiuza kuti akugulitsa, akufuna kukakhala kwa mwana wawo.

"Mwana wanga, thamangani kubanki. Koma pakamwa mutseke."

Ndinauza munthu mmodzi yekha...

Neba anasangalala kuposa ine. Mawa lake anabwera ndi tepi, ati makabati akukhitchini andipangira ulere. Anayeza makoma, anagogoda denga, anasuzumira pansi pa sinki pamene pamadontha. Uku akundifunsa mtengo umene andiuza, komanso kuti ngongole yakubanki imatenga nthawi yaitali bwanji. Ine ndinkangoyankha, mbali ina ya tepi nditagwira ndine.

Kubanki mukudziwa mmene zimakhalira. Bweretsani ichi, mwaiwala icho, bwerani sabata yamawa. Madzulo alionse ndinkadandaulira Neba pazenera, iye n'kumati ndisadere nkhawa, zonse zili bhobho.

Tsiku limene kubanki anandivomera ngongole ndinapempha kuweruka msanga, ndinathamangira kwa alandilodi mtima uli m'mwamba. Ndinawapeza akumanga mabuku m'makatoni. Nditawauza, anandiyang'ana modabwa.

"Kodi si mwamuna wanu anabwera uja? Anati kubanki akukanizani, ndiye mwamutuma iyeyo."

Anandifotokozera kuti Neba anabwera ndi mkulu wake, ndalama zili m'manja. Ankadziwa mtengo, ankadziwa za sinki yodontha, ankadziwanso kuti iwo akufulumira. Akanakayika bwanji? Anasainirana sabata yathayo. Bambo aja anakhala pansi n'kumangoti pepani, pepani mwana wanga.

Sindinalire. Ndinakwera masitepe, ndinatsegula zenera n'kugogoda lake ndi tsache. Anatulutsa mutu akutafuna chingamu.

"Babe, ndimafuna ikhale surprise. Kubanki ankachedwa, akanatilanda ena."

Ndinamufunsa kuti nyumbayo ili m'dzina la ndani. Anati lake ndi la achimwene ake, poti ndi amene anamuthandiza.

"Koma palibe chasintha. Uzikhala momwemo, lendi yake yomweyo, sindikweza."

"Lendi ndizipereka kwa iwe?"

"Mpaka tikwatirane basi. Achimwene akufuna zawo zibwerere."

Anzanga, munthuyu sankaona cholakwa chilichonse. Ankadikira kuti ndimuthokoze! Chimene chinandiwawa kwambiri si nyumba yokha ayi. Ndi madzulo onse aja amene ndinkamudandaulira za kubanki, iye atasaina kale, n'kumandiuza kuti zili bhobho.

Ndinatseka zenera, ndipo kanali koyamba kukoka katani yakukhitchini chidziwireni naye.

Anatumiza mauthenga, anabwera pakhomo, anatuma ngakhale wometa uja kuti adzandinyengerere. Ati ndine wamakani, mkazi wina akanavina. Mwina ndi zoona. Koma ine kupereka lendi kwa munthu amene anandibera ndi pakamwa panga pomwe, zimenezo ayi. Mwezi utatha ndinasamuka, iye n'kulowamo.

Malo kuno ndi osowa. Ndinazungulira dera lonse, ndipo chipinda chokha chimene ndinapeza pafupi ndi kuntchito ndi chomwe iye anasiya. Ndinachitenga, nanga ndikanatani?

Ndiye m'mawa ulionse ndikamadikira madzi kuti akwere, ndimaona khitchini yanga tsidya linalo, utoto wake womwe uja ndinapaka ndekha. Nthawi zina amagogoda zenera langa ndi tsache. Sinditsegula.

Mwini nyumba akadzakuuzani kuti mutseke pakamwa, tsekani ndithu, ngakhale kwa amene mumagawana naye mchere.

Makabati aja anaika. Anakwana bwinobwino, osasiya mpata ngakhale wa chala. Tepi ndinaigwira bwino, anzanga.