Mabenchi a m'tchalitchi amene tinabwereka

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7 ku Hewe, pamene ndinanena bodza limene likundiwawabe mpaka lero. Makolo anga anachoka ku Dowa kudzalima fodya kumeneko, ndiye m'kalasi monse ine ndi amene ndinkayankhula Chichewa chosasakaniza ndi Chitumbuka. Anzanga ankangonditcha NyaDowa.

Sukulu yathu inalibe desiki ndi limodzi lomwe. Tinkakhala pa simenti yokumbikakumbika, ena pa njerwa, ena pa thumba la feteleza. Anyamata analibe nazo ntchito. Koma kwa ife atsikana amene tinali titayamba kusinkhuka, kudzuka pansi kuti uyankhe funso inali nkhondo: dzanja lina pa diresi, lina pansi, anyamata maso ali pa iwe. Mnzanga Towera, wamtali kutiposa tonse ndiponso katswiri pa masamu, anangosiya kukweza dzanja. Anandiuza kuti madesiki akapanda kubwera chaka chimenecho, sukulu aisiya basi.

Tsiku lina aphunzitsi aakulu, a Mhango, analengeza kuti kukubwera alendo aboma kudzayendera masukulu. A Mhango anali mkulu wa mpingo, munthu womanga tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo kwa iwo kuonetsa mlendo usiwa chinali chinthu chochititsa manyazi kwambiri. Anatituma kukatenga mabenchi onse a m'tchalitchi. Tinawasenza awiriawiri, mapewa kuchita kusupuka. Tinakwirira maenje, tinasesa, miyala ya m'mbali mwa njira tinaipaka laimu.

Alendowo anachedwa ndi masiku atatu, choncho masiku atatu amenewo tinaphunzira titakhala m'mwamba ngati anthu. Ndikukumbukira Towera akukweza dzanja kanayi pa phunziro limodzi la masamu, akuimirira mosavuta, akuseka.

Atafika, analowa m'kalasi mwathu mayi wina wa magalasi, atanyamula mapepala. Popeza ankayankhula Chichewa, aphunzitsi analoza ine.

"Mwanawe, mabenchi awa ndi a sukulu pano?" anandifunsa mayiwo.

Ndinayang'ana a Mhango. Anaima kumbuyo kwa mlendoyo, akumwetulira.

"Inde amayi, ndi athu."

"Palibe amene amakhala pansi?"

"Palibe, amayi."

Anachonga papepala natuluka. Poweruka a Mhango anandipatsa bolopeni yatsopano. "Yewo chomene, NyaDowa, watichotsa manyazi," anatero pondithokoza m'Chitumbuka. Ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndine wanzeru. Loweruka tinabweza mabenchi aja, Lolemba tinabwerera pansi.

Mvula itatha, tsiku lina m'mawa tinamva kulira kwa lole. Wina anasuzumira pawindo n'kukuwa kuti, "Madesiki!" Tonse tinakhamukira panja, ndi aphunzitsi omwe. Inali lole yodzaza madesiki atsopano, onunkhira vanishi, omangidwa ndi zingwe mpaka pamwamba. Tinaimba, tinavina, ena analulutira. Lole ija inachepetsa liwiro pa dzenje la pakhomo pa sukulu, dalaivala anatibayibitsa, kenako inapitirira. Inapita ku sukulu ya kutsidya kwa mtsinje, kutisiyira fumbi.

Amayi ine! Tinangoima, manja ali m'mwamba momwemo.

M'mawa mwake a Mhango anapalasa njinga kupita ku boma. Atabwerako analowa m'kalasi mwathu opanda tayi, koyamba chiwadziwireni. Anati: "Ana anga, ndalama za madesiki chaka chino boma linaika zochepa. Anagawa poona amene akukhala pansi. Anzathu a kutsidya alendo anawapeza pa fumbi. Papepala lathu panalembedwa kuti tili ndi pokhala."

Ine ndinkayesa kuti mayi aja anabwera kudzaona ngati ndife aukhondo ndi aulemu. Sindinadziwe kuti kamzere kamene anachonga kaja kadzayenda mpaka kwa anthu ogawa ndalama za dziko, anthu amene sanapondeko ku Hewe, n'kukawauza kuti ife sitikusowa kanthu. Bolopeni ija inali m'manja mwanga.

Towera anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakalipe ayi. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Koma NyaDowa, iwe sunkadziwa kuti si athu?"

Temu yotsatira Towera sanabwerenso kusukulu. Madesiki anafika ine nditapita kale ku sekondale, Towera ali ndi mwana kumsana.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo chaka chilichonse ndimamvetsera pa wailesi akamawerenga ndondomeko ya chuma cha boma. Inde, ndalama za maphunziro zimachepa, ndipo zimenezo ndimazinena poyera osaopa. Sindiwada a Mhango. Anachita monga anawalerera, kuti mlendo umamuonetsa zabwino zokhazokha. Koma ndinazindikira kuti wogawa amakhulupirira pepala, ndipo pepala limanena zimene talionetsa ife.

Chaka chatha, alendo ali pafupi kubwera, mnzanga wina anati tibwereke mipando ya kutchalitchi. Ndinakana kwamtuwagalu. Atafika ndinawalowetsa m'kalasi langa momwe lilili, ndipo mayi amene ankawatsogolera anayang'anayang'ana pokhala. Ndinamuyalira thumba la feteleza pakati pa atsikana, n'kumupempha kuti akhale, kenako aimirire.